Njovu kapena za kwanu? Mvetserani achimwene

Achimwene, amene akukuuzani kuti za makolo sizigulika, muzingojambula njovu ndi dzuwa lolowa, mumuyang'anitsitse bwino. Nthawi zambiri ndi yemweyo akufuna kukugulani motchipa. Ndikulemba apa mtima ukuwira.

Mwafunsa za Manuel Mendive, wojambula zithunzi wa ku Cuba amene anatchuka ndi kujambula za makolo ake. Mkuluyu anabadwa mu 1944 ku Luyanó, dera la anthu wamba mu Havana, m'banja lopembedza mizimu ya Chiyoruba imene makolo awo anawoloka nayo nyanja pa sitima za akapolo. Sukulu anapita ndithu, ku San Alejandro, sukulu ya zojambula ya mu Havana, anamaliza mu 1963, kajambulidwe ka azungu akukadziwa konse. Koma atatuluka anabwerera ku za pakhomo, kujambula mizimu ija: Yemayá mwini nyanja, Oshún wa m'mitsinje, Eleguá wa pamphambano, nsomba, mbalame, timadonthomadontho ponseponse. Mu 1968 analandira mphoto ku Paris. Mu 1986, pa chionetsero chachiwiri cha Bienal ya Havana, anapaka penti matupi a anthu ovina, mphoto n'kutenganso. Mphoto ya dziko lake inadza mu 2001. Zonsezo ndi mizimu ya agogo ake basi.

Ine kwathu ndi ku Likoma. Ndinkajambula malipenga, amayi a chioda, milambe, usipa uli pathandala, tchalitchi cha St Peter's chikuonekera kumbuyo. Bambo wina wa shopu ya ziboliboli m'tauni, dzina ndisatchule, ati ndimusiyire zithunzi adzandipatsa zikagulidwa. Ndinazikulunga m'chitenje cha amayi anga, ndinakwera Ilala, usiku wonse osagona, ndazikumbatira kuopa kuti wina azikhalira kapena zinyowa. Miyezi kupita, foni osayankha. Akayankha ati zako za kumudzizi palibe akuzifuna, tajambula njovu. Njovu ku Likoma? Inasambira kuchokera kuti?

Tsiku lomwe ndinangotulukira osamuuza, ndinapeza cha malipenga chija chili pakhoma, mufelemu yatsopano yonyezimira, m'munsi modulidwa ndi lezala pomwe panali dzina langa. Mtengo walembedwa m'madola. Mtsikana wogulitsa, posandidziwa, anayamba kundifotokozera ine mwini kuti anajambula ndi gogo wina wa kuchilumba amene anamwalira kalekale, n'chifukwa chake chikudula. Ine wamoyo ndaima pomwepo, penti ili m'zikhadabo! Pakamwa panauma, miyendo kunjenjemera. Woimba ng'oma pachithunzipo anali malume anga enieni, ndinachita kuwakhazika pansi pa mlambe kuti ndiwajambule. Bamboyo atafika anangoseka, kundigwira paphewa, n'kundipatsa kandalama kosakwana ndi kogulira penti komwe, ati ka thiransipoti. Zinazo ati zinadyedwa ndi chiswe. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo, chonsecho Lamulungu amakhala pampando wakutsogolo. Mpaka lero ndikamva fungo la vanishi ndimakumbuka nkhope yake.

Ndiye musandiuze kuti za kwathu sizigulika. Zikanakhala zosagulika akanavutikiranji kudula dzina?

Jambulani za kwanu, zomwe munakula mukuziona. Komabe tisanamizane, Mendive anali ndi sukulu ya zojambula ndiponso chionetsero chachikulu mumzinda mwake momwemo, ife tili ndi mseu ndi Facebook. Choncho njovu ziwiri zitatu jambulaniko, alandilodi sadya chioda. Dzina muzisaina mkati mwa chithunzi, pamalo poti akadula chawonongeka, ndi kumbuyo komwe. Chilichonse chisanachoke pakhomo chijambuleni pafoni, inu mutaima pambali pake. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za anthu aluso, mukafunse za umwini wa ntchito zanu. Katundu musasiyire munthu pangongole, ayi ndithu. Pokhapokha ngati shopuyo pamabwera alendo ambiri, apo siyani chimodzi chokha, musainirane pepala, mtengo ulembedwe, pakhale mboni.