Achemwali, ola limodzi ndi mphindi 40 pa OR Tambo sizikukwanani

Achemwali amene mwafunsa za ulendo wa ku Cape Town, ndawerenga uthenga wanu kawiri. Mwati mwapeza matikiti awiri otchipa, ina yochoka pa Chileka kukatera pa eyapoti ya OR Tambo ku Joni, ina ya kampani ina yochoka ku Joni kupita ku Cape Town, ndipo pakati pa ndege ziwirizo pali ola limodzi ndi mphindi 40 basi. Mwafunsanso za malo ogona ndi za layini ya foni, zimenezo akuthandizani anzathu ena muno, ine ndiyankha za ndegezo ndi za msewu chifukwa ndi zomwe zinandionetsa zakuda ineyo.

Musagule matikiti amenewo momwe alilimo. Ndaona achimwene ena pamwambapa alemba kuti "nthawi imeneyo ndi yambiri, eyapoti ndi imodzi yomweyo", pepani achimwene koma ndikukayika ngati munayamba mwatsikapo pa OR Tambo ndi chikwama chachikulu masana ndege zitatera zingapo nthawi imodzi. Eyapoti ndi imodzi inde, koma inu mukuchokera kunja kwa dziko ndiye mukatsika muyenda kamtunda ndithu mkati momwemo, muime pa mzere wa imigireshoni akudindeni pasipoti, mupite kukadikira chikwama pa lamba uja, mudutse kwa a kasitomu, kenako muchoke ku Terminal A mupite ku Terminal B komwe kumanyamukira ndege za mkati mwa dziko, mupeze kawuntala ya kampani yachiwiriyo, akuyezereni chikwama, mudutsenso posecha paja, ndiye mukafike pa geti. Ndipo kawuntala ya zikwama samatseka nthawi yomwe ndege ikunyamuka ayi, amatseka mphindi 40 kapena 45 nthawiyo isanakwane. Ndiye pa ola ndi mphindi 40 zanu zija chotsanipo zimenezo, mwatsala ndi ola limodzi lokha loti muchite zonse ndatchulazi, komanso apo ndiye kuti ndege ya ku Chileka yanyamuka pa nthawi yake yeniyeni.

Ine zinandichitikira mu Disembala, ndinkapita ku Durban kukaona mng'ono wanga amene amasoka zovala kumeneko. Ndinagula chimodzimodzi inuyo, matikiti awiri osiyana, ndipo ine pakati panali maola awiri ndi theka, ndinkaona ngati ndadzisiyira mpata wokwanira. Ndege yathu inachedwa kunyamuka ndi pafupifupi ola lathunthu, palibe anatiuza chifukwa chake. Titatera mzere wa pasipoti unali wautali zedi, ndinaima pamenepo mtima uli thi thi thi ndikungoyang'ana wotchi, chikwama nachonso chinatuluka mwa zomalizira. Ndinathamanga ndi kangolo kaja mpaka thukuta, kufika pa kawuntala mtsikana wa pamenepo anangoyang'ana pa kompyuta n'kundiuza kuti atseka. Ndege inali isananyamuke, pa bolodi inkaonekabe, koma anakana. Ndinawafotokozera kuti si vuto langa, ndege ina ija ndi yomwe yachedwa, iwo anati kampani imeneyo si yawo ndipo tikiti yanga yapita chifukwa sindinafike pa nthawi. Ndinabwerera kwa a kampani yoyamba ija, nawonso anati iwo ntchito yawo inali yondifikitsa ku Joni ndipo andifikitsa. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti ukagula matikiti awiri osiyana palibe amene ali ndi udindo pa iwe pakatipo. Tikiti yatsopano ya mmawa mwake ndinagula pafupifupi katatu mtengo wa yoyamba ija chifukwa inali nyengo ya Khirisimasi, ndalama yomwe ndinatengera ana a mng'ono wanga yonse inathera pamenepo, ndipo ndinagona pa benchi chikwama nditachikumbatira. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa.

Ndiye chomwe ndingakuuzeni ndi ichi, funsani mtengo wa tikiti imodzi yochoka Blantyre mpaka Cape Town. Kampani ya ndege ya Airlink imauluka kuchoka ku Chileka kupita ku Joni ndipo yomweyonso ili ndi ndege za Joni kupita ku Cape Town, ndiye mukhoza kugula ulendo wonsewo pa booking imodzi, nambala ya tikiti imodzi. Imadula kuposa kuphatikiza nokha, nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kowawa ndithu, koma ndege yoyamba ikachedwa iwo eni ndi amene amakuikani pa ndege yotsatira osalipiranso. Ngati mukugula kudzera kwa ajenti muwafunse mosabisa kuti kodi iyi ndi tikiti imodzi kapena mwangolumikiza ziwiri, chifukwa ena amakusindikizirani pepala limodzi looneka bwino pomwe mkatimo muli ma booking awiri. Yang'anani kanambala ka booking ka zilembo zisanu ndi chimodzi kamene kamalembedwa pa tikiti, kakakhala kosiyana pa ndege ziwirizo dziwani kuti ndi zosiyana.

Palinso mayi ena alemba kuti chikwama chimakapezeka chokha ku Cape Town, musadandaule nacho. Ayi mayi, pamenepo musawasokeretse achemwaliwa. Ngakhale pa tikiti imodzi, ukalowa mu South Africa kudzera ku Joni chikwama umachitenga ndithu n'kudutsa nacho kwa a kasitomu, kenako n'kuchiperekanso. Kusiyana kwake n'koti pa tikiti imodzi chimakhala ndi chizindikiro chofika mpaka komwe ukupita ndiye umangochisiya pa kawuntala yapafupi. Zija zoti chikwama sukuchionanso mpaka kofika zimachitika ngati ukungodutsa, monga amene amakwera ndege ya Ethiopian kudzera ku Addis Ababa kupita ku Dubai kapena ku Jeddah.

Koma ngati ndalama sizikulola ndipo mukufunabe ziwiri zotchipazo, sinthani yachiwiriyo, tengani ya madzulo kwambiri, musiye maola anayi kapena asanu pakati. Ndege za Joni kupita ku Cape Town n'zambirimbiri tsiku lililonse, ulendo wake ndi wa maola awiri okha, ndiye simusowa ya usiku. Kudikira pa eyapoti sikupha munthu, pali malo odyera, palinso chipinda choswalira ngati ndinu Msilamu, mukhala bwinobwino. Ubwino wina wotchi simusintha, nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi.

Zinthu ziwiri muonetsetse pa tikiti yotchipayo. Choyamba onani ngati palembedwa JNB kapena HLA. JNB ndi OR Tambo, HLA ndi Lanseria, eyapoti ina yomwe ili kutsidya lina la mzinda, makilomita oposa 50, ndipo kampani ya ndege ya FlySafair imanyamukira konse kuwiri. Anthu amangoona mawu oti Johannesburg n'kulipira, kukafika uko n'kumauzidwa kuti ndege yanu ili ku Lanseria, takisi yopita kumeneko yokha ikudyerani marandi mazana angapo, kuwonjezera pamenepo ola lonse pamsewu ngati magalimoto athithikana. Chachiwiri ndi chikwama. Mtengo wotsikitsitsa umene mumauona pa intaneti nthawi zambiri ndi wa munthu ndi kachikwama ka m'manja basi, chachikulu mumalipira padera, ndipo mukalipirira pa kawuntala zimadula kuposa kulipiriratu pogula. Komanso ndege yochoka kuno ikhoza kukulolani makilo ambiri pomwe yachiwiriyo ikulola chikwama chimodzi cha makilo 20, ndiye inu mwanyamula ufa, mpunga wa kilombero, zitenje za abale onse, mukafika uko sikelo ikukanani. Za usipa ndi utaka wouma zomwe timakonda kutengera abale zija samalani nazo, a kasitomu amatha kulanda zakudya za nsomba ndi nyama, musaike ndalama zambiri pamenepo.

Tsopano nkhani yomwe palibe waitchula muno, inu mukuchokera ku Mangochi, ulendo wanu sukuyambira pa Chileka. Kuchoka pa Boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Ulongwe, Liwonde ndi Zomba, pa galimoto yanu ndi maola atatu ndi kanthu, koma pa minibasi musawerengere choncho. Iyambe yadzadza kaye pa depoti, iime pa Ulongwe, pa Liwonde mwina akutsitseni akuti lowani iyo chifukwa anthu achepa, marodibuloko, kukafika ku Limbe maola asanu atha. Ndipo ku Limbe si ku Chileka, mukwerenso kupita m'tauni kenako mutenge ya ku Chileka kudzera pa Kameza, kapena takisi. Masiku a vuto la mafuta ndiye musanene, mitengo imakwera mmawa womwewo ndipo magalimoto amachepa. Ine sindinyamukanso pa Mangochi tsiku la ndege, ndimapita dzulo lake kukagona kwa abale ku Chirimba, mmawa n'kungodzuka kupita pa eyapoti maola atatu ndege isananyamuke. Ngati muli ku Namwera kapena ku Makanjira ndiye nkhani yosakambirana n'komwe, nyamukani dzulo lake mmamawa. Ndipo dziwani kuti mukaphonya ndege yoyamba pa tikiti yopita ndi kubwera, kawirikawiri amafufutanso ya pobwerera, ndiye mwataya zonse.

Ena amakonda kukakwerera ku Lilongwe pa eyapoti ya Kamuzu (KIA) poti nthawi zina mtengo umatsikako. Ine kwa munthu wa ku Mangochi sindikuonapo phindu pokhapokha kusiyana kuli kwakukulu. Njira ya ku Golomoti kukwera Khwekhwerere kukatulukira ku Dedza ndi yaifupi koma magalimoto a anthu wamba ndi osadalirika, ndipo eyapotiyo ili ku Lumbadzi, kunja kwa tauni, muwonjezere ya takisi. Zomwe mwapulumutsa pa tikiti zithera m'njira.

Za basi mwafunsa zija, pali njira ziwiri. Mukhoza kuuluka mpaka ku Joni kenako n'kukwera basi ya ku Cape Town pa Park Station, siteshoni ya mabasi ndi sitima ya m'tauni ya Joni. Kuchoka pa eyapoti pali sitima ya Gautrain, mumatsika pa Sandton n'kusintha kukwera yopita ku Park, nthawi yomaliza ine ndinalipira marandi 200 ndi kanthu, pano mwina yakwera. Mabasi monga Intercape amayenda njira imeneyo, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 1,400 kudzera ku Bloemfontein, mukhala pampando maola 18 kapena kuposa, mtengo umasinthasintha, penapake pakati pa marandi 600 ndi 1,000 ndi kanthu kutengera nyengo. Kunena zoona mukagula msanga ndege imatha kufanana mtengo ndi basi, ndiye ine basi imeneyi ndimaiona ngati yothawirako zinthu zikavuta. Chonde pa Park Station musatuluke panja ndi zikwama kukafunafuna takisi, makamaka kukada, ndipo anyamata obwera okha kudzati tikunyamulireni muwakane mwaulemu, foni ikhale mkati.

Njira inayo ndi yomwe ambiri a kwathu kuno amayenda, basi kuchokera ku Malawi konkuno, kudzera pa Mwanza kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi ndege ndipo katundu mumanyamula wambiri, koma werengerani masiku awiri, ndipo pa Beitbridge pokha mukhoza kutha maola ambiri mutatsitsa katundu yense pansi kuti aseche. Kumapeto kwa 2024 zisankho za ku Mozambique zitavuta njira ya ku Tete inasokonekera ndithu, ndiye muzifunsa kaye momwe kulili musanalipire. Mukafika ku Joni mutatopa choncho n'kukweranso ina ya maola 18, kwa munthu woyenda koyamba komanso muli nokha, ine sindingakulimbikitseni. Ndipo musayerekeze kugula tikiti ya ndege ya ku Cape Town molumikiza ndi basi yochokera kuno, basi ilibe ola lofikira.

Ngati mungasankhe basi, kwerani ya kampani yokhala ndi ofesi yooneka, yopereka tikiti yolembedwa. Anthu aja amati tipatseni pasipoti ndi ndalama tikudutsitsani ife pa boda muwapewe, pasipoti yanu ikhale m'manja mwanu ndipo pa boda iliyonse muone ndi maso anu kuti adinda. Ife a Malawi timalowa mu South Africa opanda viza kwa masiku 30, koma yang'anani tsiku lomwe akulemberani pa chidindocho chifukwa ndi lomwe limagwira ntchito, mukapyola ngakhale pang'ono potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena kuposa. Pa imigireshoni amathanso kufunsa tikiti yobwerera ndi adiresi ya komwe mukafikire, zilembeni pa pepala, musadalire foni yokha poti netiweki ya kuno ikhala itaduka ndipo batire limatha nthawi yolakwika.

Mwati mukupita mu Juni eti? Tengani juzi yokhuthala ndi jekete m'chikwama cha m'manja, ku Cape Town nthawi imeneyo kumagwa mvula ndi mphepo yozizira kwambiri, si kuzizira kwa kuno kunyanja ayi. Mundiuze ola lomwe ndege yanu ikutera ku Joni ndi tsiku lake, ndikuonereni ya madzulo yomwe ingagwirizane nayo musanalipire.