Mafunso ndi Mayankho: Kodi magetsi angayeze mankhwala a m'piritsi?

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Pa paketi ya mapiritsi a paracetamol pamalembedwa 500 mg, ndipo mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira sayansi kuyunivesite, akuti akatswiri amatha kutsimikiza nambalayi ndi magetsi. Kodi sikelo siyokwanira?

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo sananame. Sikelo imangonena kulemera kwa piritsi lonse, pamene m'piritsimo muli zinthu zina monga sitachi zimene zimangothandiza kuti liumbike, choncho piritsi lopanda mankhwala n'komwe lingathe kulemera chimodzimodzi ndi lenileni.

Mu labotale amapera mapiritsi, kawirikawiri 20, n'kutapako ufa woyezedwa bwino, kuusungunula ndi kuusefa. M'madzimo amaviika ma electrode atatu, omwe ndi tindodo tomwe magetsi amadutsamo: ya carbon imene imagwira ntchito yeniyeniyo, ya siliva yoyerekezera, ndi ya platinum yothandizira. Makina otchedwa potentiostat amakweza mphamvu ya magetsi pang'onopang'ono, ndipo ikafika pamlingo wina, kachidutswa kalikonse ka paracetamol kamene kakhudza carbon ija kamataya ma electron awiri, tinthu ting'onoting'ono kwambiri tonyamula magetsi. Ma electron amenewa ndiwo magetsi amene makinawo amawerenga, kotero kuti mankhwala akachuluka nawonso magetsi amachuluka. Chotsala ndi kufananiza zotsatirazo ndi za madzi ena amene muyezo wa mankhwala ake ukudziwika kale. Njirayi amaitcha voltammetry, ndipo inachokera ku ntchito ya Jaroslav Heyrovský wa ku Prague, amene anatulukira polarography, njira yoyamba ya mtundu umenewu, mu 1922 n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1959. Ngati munaonapo kamakina koyezera shuga m'magazi kuchipatala, ndiye kuti munaona m'bale wake wa njirayi.

Ubwino wake ndi wakuti ndi yachangu ndipo makina ake ndi otsikirapo mtengo, zimene kwa ife ndi nkhani yaikulu, poti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osafika pamuyezo. Komabe tisaikokomeze. Si mankhwala onse amene amataya kapena kulandira ma electron mosavuta, electrode ikada imapereka nambala yolakwika, ndipo mankhwala awiri a m'piritsi limodzi angathe kusokonezana. N'chifukwa chake mabungwe oyang'anira mankhwala amadalira kwambiri njira ya HPLC, imene imayamba yalekanitsa zosakanizazo isanaziyeze. Mukakayikira mapiritsi amene mwagula, dandaulo lanu lipite ku PMRA, bungwe limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo paketiyo musataye chifukwa nambala ya batch, yosonyeza gulu la mapiritsi opangidwa pamodzi, ili pamenepo.