Za kamwana ka kamba komwe akufuna kukupatsani

Achemwali, ndaona funso lanu loti mnzanu wa kuntchito akufuna kukupatsani kamwana ka kamba kochepa ngati bokosi la machesi, koma naye sakudziwa kumene kanachokera poti anachita kupatsidwa. Mwafunsa ngati mukatenge. Ine ndinasungapo, choncho ndiyankha motalikirapo, mundipirire.

Poyamba tichotse chisoni chija mwanena, choti kakuoneka ngati kamasiye. Kamba salera ana. Make amakumba dzenje, kuikira mazira, kukwirira, basi ulendo. Kamwanako kakaswa kamayamba kudzifunira chakudya kokha. Ndiye ngati wina anakatola kumunda kapena m'mbali mwa msewu, sanakapulumutse ayi, anangokachotsa kwawo.

Mnzanuyo abwerere kwa amene anam'patsa, akafunse bwinobwino kuti anakatola pati, liti, ndipo kakhala pamodzi ndi akamba ena kapena ayi. Ngati kanatoledwa masiku ochepa apitawa ndipo malo ake akudziwika, kabwezeretseni pomwepo, pansi pa chitsamba, kutali ndi msewu. Koma ngati kadutsa m'manja mwa anthu atatu anayi, musakataye patchire lililonse. Akamba amapatsirana matenda a m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo kodwala kamodzi kakhoza kukadwalitsa akutchire omwe analibe vuto. Pamenepo dziwitsani a Dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire, kapena a Lilongwe Wildlife Centre omwe amalandira nyama zopulumutsidwa. Lamulo lathu loteteza nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndiye musanasunge kanyama kotere pakhomo funsani kaye za chilolezo. Ndalama musapereke, ngakhale atati ya fanta. Mukagula kamodzi, mawa mnyamata yemweyo akasaka tiwiri.

Langa linali phuma. Ndinatola kanga nthawi ya mvula, n'kukaika m'beseni pakhonde, ndikumakapatsa kabichi ndi nyenyeswa za nsima. Kanali kokongola, timaso takuda ngati timikanda, kakamaluma tsamba kamachita kutambasula khosi lonse. Patapita miyezi ingapo ndinakagwira pamsana, chigoba chili tepetepe ngati khungu la lalanje lovunda. Kankangokhala phee, maso otupa, ndipo sikanachedwe kufa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti chigoba chimalimba ndi kashiamu, mchere wa m'zakudya wolimbitsa mafupa, komanso dzuwa lenileni, osati lodzera pagalasi la zenera. Khonde langa dzuwa silinkafikapo. Mpaka lero ndimadzimvera manyazi.

Nkhani ya chakudya ndi imene imachititsa kuti kusadziwa mtundu wake kukhale koopsa. Kwathu kuno kuli kamba wamawangamawanga ngati kambuku, yemwe amadya udzu ndi masamba, ndipo akakula amatha kufika masentimita 40, kulemera makilogalamu oposa 10, n'kukhala zaka zopitirira 50. Kulinso wina wocheperapo yemwe chigoba chake chimapindika kumbuyo n'kutsekera miyendo ndi mchira. Mtundu wina wa ameneyu akatswiri anautcha Kinixys zombensis, dzina lochokera ku Zomba kwathu komweku. Ameneyu amadyanso bowa, nkhono ndi abongololo. Vuto ndi loti ali mwana chopindika chija chimakhala chisanaoneke, ndiye munthu wosazolowera amasokoneza mosavuta. Ngati ndi wamawanga uja, dzifunseni kuti ali ndi zaka 30 adzakhala kuti, makamaka ngati muli m'nyumba ya lendi.

Mwanenanso kuti ana anu akukafuna kwambiri. Akamba amakhala ndi tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, iwo eni ali bwinobwino. Ku America analetsa kugulitsa tiakamba tosakwana mainchesi 4 mu 1975 chifukwa ana ankadwala nato. Makolo athu pamwambi wawo ankati kamba amanyera yemwe wam'tola, ndipo apa sankaphiphiritsa chabe. Ukam'nyamula amataya madzi omwe anasunga m'thupi, zomwe zimamufooketsa, iwenso watsala ndi zonyansa m'manja. Mwana wosakwana zaka 5 asakagwire n'komwe.

Ine ndikuti musakatenge ngati chiweto. Koma ngati mnzanuyo akufuna kungokataya, kalandireni mongoyembekezera eni ntchito. Kaikeni panja potchinga bwino, pamene pali dzuwa ndi mthunzi womwe, pamwamba muike waya chifukwa akhwangwala, makoswe ndi agalu sakasiya, ndipo usiku samalani linthumbu. Madzi akhale m'kambale kosaya, osapitirira pachibwano pake, poti kamba wa kumtunda amamira. Kapatseni udzu wanthete ndi masamba akutchire osapoperedwa mankhwala, osati mkaka, buledi kapena nsima. Wina akakuuzani kuti mubowole chigoba n'kumangirira chingwe, mukanitsitse, chigobacho ndi fupa lamoyo, chimamva ululu ndipo chimatuluka magazi.

Tumizani zithunzi ziwiri muno, cha pamsana ndi cha kumimba, mutayandikiza bokosi la machesi pambali pake, tione ngati tingauzindikire mtundu wake.