Chifukwa chake gulu limangoyang'ana munthu akakomoka

Mayi, mwafunsa chifukwa chake anthu anangounjikana n'kumayang'ana pamene bambo wina anagwa n'kukomoka pa depoti ya basi, ndipo mukuganiza kuti masiku ano anthu tauma mtima. Ine ndikuona kuti vuto lagona pena, ndipo akatswiri a kaganizidwe ka anthu akhala akuifufuza nkhaniyi kuyambira m'ma 1960.

Chinawadzutsa ndi imfa ya Kitty Genovese, mtsikana amene anabayidwa ndi mpeni pafupi ndi kwawo ku Queens, mumzinda wa New York, mu Malichi 1964. Nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti anthu 38 anaona koma palibe amene anachitapo kanthu, ngakhale kuti pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo inakokomezedwa, chifukwa ambiri anangomva kukuwa osadziwa chimene chikuchitika, ndipo mayi wina woyandikana naye, Sophia Farrar, anatuluka n'kumufungatira mpaka ambulansi inafika.

Mu 1968 akatswiri awiri, John Darley ndi Bibb Latané, anaika ophunzira m'zipinda, aliyense payekha, kuti azikambirana kudzera pa zokuzira mawu. Kenaka ankamva mnzawo wina akubuula ngati wagwa khunyu, pamene anali mawu ojambulidwa kale. Mwa amene ankakhulupirira kuti akumva okha, 85 mwa 100 alionse anathamanga kukanena, koma mwa amene ankaganiza kuti pali anthu ena anayi akumvanso, ndi 31 okha mwa 100 amene anatero. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti amene anakhala pansiwo sanali osalabadira ayi: ambiri anapezeka manja akunjenjemera, zikhatho zili thukuta, akufunsa ngati wodwalayo wathandizidwa. Aliyense ankaganiza kuti wina wapita kale, ndipo udindo ukagawanika chonchi umasanduka wopanda mwini. Palinso mantha a kuchita manyazi. Munthu amayang'ana nkhope za anzake kuti adziwe ngati zinthu zavutadi, ndipo poti onse akudzigwira, amangoti mwina bamboyo waledzera chabe.

Komabe gulu silikhala loipa nthawi zonse. Richard Philpot ndi anzake anaunika makanema 219 a makamera a m'misewu ya Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town osonyeza anthu akukangana kapena kumenyana, ndipo mu 2019 analengeza kuti pa mikangano 9 mwa 10 iliyonse panapezeka munthu woleretsa. Anthu akachuluka, mwayi woti mmodzi alowererepo unkakulanso, mwina chifukwa ndewu ndi yoonekeratu, pamene munthu wogona pansi amasiya anthu akukayikakayika.

Choncho tsiku lina mukadzakumana nazo, musadzakuwe kuti wina athandize. Mudzagwade pafupi ndi wodwalayo, muone ngati akupuma, kenaka muloze munthu mmodzi n'kumuuza kuti, "Achimwene a malaya ofiira, itanani galimoto," winanso mumuuze kuti awasendeze anthu kuti mpweya uzipita.