Mwana wanga akupita ku Belfast, kodi kuli ntchito?

Funso: A Mkonzi, mwana wanga wamaliza maphunziro a kompyuta ku Manchester, ndiye akuti wapeza ntchito ku Belfast, mzinda wa ku Northern Ireland, yoteteza makampani kwa akuba a pa intaneti. Ine Belfast ndimangoikumbukira ndi nkhani za mabomba pa wailesi. Kodi kumeneko kulidi ntchito zotere? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Zipolowe munkamvazo zinazilala ndi mgwirizano wa mtendere wa 1998. Chakokera makampani kumeneko kwenikweni ndi anthu ophunzira. Mu 2009 yunivesite ya Queen's ya ku Belfast komweko inatsegula malo ofufuzira zachitetezo cha pa intaneti otchedwa CSIT, ndipo makampani a ku America monga Rapid7 ndi Proofpoint anatsegula maofesi mumzindamo kutsatira achinyamata odziwa ntchitoyi. Lendi ya ofesi ndi malipiro n'zotsikirapo kuyerekeza ndi London, choncho kampani imalemba akatswiri ambiri ndi ndalama zomwezo. Kwa mwana wanu, ineyo ndikuona kuti wasankha bwino, chifukwa nyumba yogona siidzamudyera malipiro onse. Mungomufunsa ngati kampaniyo ikumuthandiza pa za viza yogwirira ntchito, asanasaine chilichonse.