Kodi mantha olankhula pamaso pa anthu amatha mukamadzikakamiza kulankhula? Yankho kwa mphunzitsi wina

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kupulayimale. Iwo anafotokoza kuti pamaso pa ana m'kalasi amalankhula momasuka, koma pamsonkhano wa aphunzitsi kapena wa makolo mtima umathamanga, manja amanjenjemera ndipo kukamwa kumauma, moti kwa zaka zambiri akhala akupeza zifukwa zojombera misonkhano yotere. Atawerenga za njira yotchedwa exposure therapy, yomwe ndi kukumana mwadala ndi chinthu chimene umachiopa, anavomera kuwerenga Mawu kutchalitchi Lamlungu lina, koma mawu ananjenjemera, anawerenga mothamanga, ndipo kuyambira tsikulo mantha awonjezeka. Funso lawo linali lakuti: kodi njirayi ndi yabodza, kapena iwo ndi amene analephera?

Mayi, njirayi si yabodza ndipo inu simunalephere. Munalimba mtima ndithu, koma munayambira pamwamba penipeni pa makwerero, munachita kamodzi kokha, ndipo ndikukhulupirira kuti munaima paguwa paja mutadzitchinjiriza m'njira zimene zinalepheretsa maganizo anu kuphunzirapo kanthu.

Mantha amtunduwu amakhalitsa chifukwa cha kuzemba. Mukajomba msonkhano, mtima umakhala m'malo nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo umaphunzitsa ubongo kuti mwapulumuka ku ngozi yeniyeni, choncho ulendo wotsatira mantha amabwera msanga komanso amphamvu. Dokotala wa matenda a maganizo Joseph Wolpe, yemwe anabadwira ku Johannesburg, anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti mantha amachepa munthu akamayandikira chinthu chomuopsa pang'onopang'ono, ndipo ndi iye amene anayambitsa muyeso umene madokotala amagwiritsabe ntchito, woti wodwala azipereka nambala ya mantha ake kuyambira 0 mpaka 100.

Tengani kope, mulembe zochitika khumi kapena kuposerapo zimene mumaziopa, chilichonse ndi nambala yake. Kufunsa funso limodzi pamene muli aphunzitsi atatu mu ofesi mwina ndi 30, kupereka lipoti lalifupi la kalasi lanu pamsonkhano wa aphunzitsi onse ndi 55, kutsegula msonkhano wa makolo ndi pemphero ndi 70, pomwe kuwerenga Mawu kutchalitchi kodzaza anthu ndi 95. Yambirani pa 30 kapena 40, ndipo chinthu chimodzicho muchichite mobwerezabwereza, kangapo pa sabata, pamaso pa anthu osiyanasiyana, musanakwere sitepe ina. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pano mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa kuchita kamodzi kenako n'kudikira miyezi itatu kumapatsa mantha mpata woti amerenso.

Koma mbali imene ndikufuna kuti muiganizire kwambiri ndi ya kudzitchinjiriza. Mu 1995 akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anafotokoza chifukwa chake anthu ambiri amakumana ndi gulu tsiku ndi tsiku koma osachira. Munthu wamantha akaima pamaso pa anthu, maganizo ake onse amatembenukira mkati: amamvetsera kugunda kwa mtima wake, amadziona m'maganizo ngati munthu wotuluka thukuta ndi womvetsa chisoni, ndipo amakhulupirira kuti chithunzi chimenecho ndicho anthu akuona. Kenako amachita timachenjera todzipulumutsira, monga kugwira pepala mwamphamvu kuti manja asaoneke kunjenjemera, kuloweza chiganizo chilichonse, kuwerenga mothamanga kuti amalize msanga, kapena kuweramitsa mutu mpaka kumapeto. Tsoka lake ndi lakuti zinthu zikayenda bwino iye amati wapulumuka chifukwa cha timachenjerato, osati chifukwa panalibe ngozi. Komanso kugwira pepala mwamphamvu kumawonjezera kunjenjemera, ndipo kuwerenga mothamanga kumachititsa kuti mpweya uthe, mawu n'kuyamba kudukaduka, zomwe ndikuganiza kuti ndi zimene zinakuchitikirani.

Choncho musanayese sitepe iliyonse, lembani momveka bwino chimene mukuopa kuti chichitika, mwachitsanzo kuti mawu anga anjenjemera ndipo aphunzitsi anzanga aseka. Polankhulapo siyani kachenjera kamodzi mwadala, kwezani mutu, muone nkhope za anthu ndi kumva zimene akunena. Mukamaliza, lembani zimene zinachitikadi: ndi angati anaseka, ndi angati anangolemba zawo m'kope, ndani anakuyankhani funso lanu. Akatswiri ena a masiku ano, monga Michelle Craske wa ku Los Angeles, amatsindika kuti chofunika kwambiri si kuti mantha atsike pa nthawi yoyesererayo, koma kuti muone ndi maso anu kuti zimene munalosera sizinachitike, kapena kuti zinachitika koma munazipirira. Mungathe kutuluka mumsonkhano mtima ukugundabe, koma mwaphunzira kanthu. Ngati muli ndi mnzanu wapamtima, mupempheni akujambuleni pafoni pamene mukulankhula, chifukwa ambiri akadzionera okha amadabwa kupeza kuti kunjenjemera kumene ankamva ngati chivomezi sikukuoneka n'komwe. Ndipo mukafika kunyumba musayambe kudziimba mlandu pobwereza mawu alionse amene munalankhula, pakuti kubwerezako n'kumene kunasandutsa Lamlungu lija kukhala bala.

Ndiyenera kunenanso za ulemu. Kwathu kuno mwana wamkazi amaleredwa kuti asamayang'ane akuluakulu m'maso ndiponso kuti asamalankhule patsogolo pa abambo, ndipo manyazi otere ambiri amawatama. Cholinga si kutaya ulemu umenewo. Kusiyana kwake ndi kwakuti ulemu mumausankha nokha, pomwe mantha amakulandani zinthu zimene mukuzifuna, monga kunena maganizo anu pa za ana amene mumawadziwa bwino kuposa aliyense mumsonkhanomo.

Anthu ambiri amapita patsogolo paokha, komabe zimayenda bwino kwambiri pali mlangizi wophunzitsidwa. Malangizo a mu 2013 okhudza mantha otere, ochokera ku bungwe la NICE lomwe limapereka malangizo a zaumoyo ku Britain, amaika chithandizo cholankhulana chotchedwa CBT patsogolo pa mankhwala, ndipo njira ya Clark ndi Wells, yomwe ndi mtundu umodzi wa CBT, imatenga maulendo osapitirira 14 pa miyezi pafupifupi inayi. Kuno ku Malawi mungafunse ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ku Zomba Mental Hospital, kapena kwa namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Ngati mantha afika pokusowetsani tulo, pokuchotserani chilakolako cha moyo, kapena ngati mwayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti mulimbe mtima, musadikire, pitani kuchipatala sabata ino. Ngati sizinafike pamenepo, guwa la kutchalitchi liyambe ladikira, ndipo Lolemba likubwerali mukafunse funso limodzi mu ofesi ya aphunzitsi, mutu uli chokweza, kenako mudzandilembere zimene anzanuwo anayankha.