Kalaliki amandiimbira foni pa chilichonse: kodi kompyuta ingandithandize?

Funso: Ndili ndi chigayo chopunthira mpunga pa boma la Nkhotakota, ndipo ndimagulitsa mpunga wa Kilombero kwa mavenda ochokera ku Salima, ku Dwangwa ndi ku Lilongwe, ena pa kashi, ena pa ngongole. Kalaliki wanga satulutsa thumba la ngongole kapena kutsitsa mtengo asanandiimbire, moti ngakhale ndili pamaliro foni simakhala chete. Mwana wa mchemwali wanga akuti pali mapulogalamu a pa kompyuta amene amatsata okha malamulo a bizinesi. Ndiyambire pati? Mayi wa bizinesi, Nkhotakota.

Yankho: Mayi, mwana wa mchemwali wanuyo sakunama, koma musagule kaye pulogalamu iliyonse. Mapulogalamu amenewa amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kugamula motsata lamulo limene mwawapatsa, monga lakuti wogula amene sanamalize ngongole yakale asapatsidwe ina. Yachiwiri ndi kuyendetsa ndondomeko, kuti oda ikalembedwa, wa kunkhokwe adziwe matumba oti atulutse, risiti ilembedwe, ndipo tsiku lobweza likayandikira wangongole akumbutsidwe. Zonsezi zimafuna malamulo olembedwa, pamene anu pakali pano ali m'mutu mwanu, ndipo n'chifukwa chake foni ikulira.

Gulani kope. Kwa milungu iwiri, kalaliki akaimba, lembani zimene wafunsa, zimene mwayankha ndi chifukwa chake. Mudzaona kuti mafunso ambiri ndi amodzimodzi ovala malaya osiyana, ndipo mudzaonanso malo amene mumadzitsutsa. Tiyerekeze kuti Lolemba venda wa ku Salima wafika mamawa, galimoto ya matola ikumudikira panja, akufuna matumba khumi a makilogalamu 50 pamene ali ndi ngongole yotsala, inu n'kumulola. Lachinayi wina wabwera ndi pempho lomwelo, inu n'kumukana. Mwina simunakondere, koma woyambayo wagula kwa inu zaka zisanu osathawapo, pamene winayo mwamudziwa nyengo yokolola yomwe ino. Ngati ndi choncho, kutalika kwa nthawi imene munthu wagula kwa inu ndi gawo la lamulo, ndipo kuyenera kulembedwa ndi nambala. Mawu akuti “kasitomala wodalirika” kompyuta siiwamva, koma imamva akuti “wagula miyezi yoposa 12, sanachedwepo kubweza masiku oposa 14, ndipo ngongole yake yonse siipitirira K500,000”. Manambalawa ndangopereka chitsanzo, enieni muika nokha. Mukapeza kuti chifukwa chenicheni chinali chakuti munthuyo ndi wa kuchimuna kwanu, limbani mtima musankhe ngati limenelo likhale lamulo kapena lithe.

Malamulo akalembedwa, chida choyambira ndi Excel kapena Google Sheets, pulogalamu yolembamo mayina ndi manambala m'mizere, chida chimene mwana wa mchemwali wanuyo ayenera kuti amachidziwa kale. Muli lamulo lotchedwa IF, limene limayang'ana zimene zalembedwa n'kuonetsa “mpatseni”, “musampatse” kapena “funsani bwana”. Yankho lachitatuli musalisiye, chifukwa nkhani zachilendo zidzabwerabe, ndipo zimenezo zokha ndi zimene ziyenera kufika pa foni yanu. Ikaninso lamulo lakuti nambala ya uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ikalembedwa kawiri iziwala mofiira, pakuti kuonetsa uthenga umodzi pa malonda awiri ndi chinyengo chosavuta kuchita pamene anthu ali piringupiringu pasikelo. Excel ya pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chofunika netiweki ikamavuta, ndipo laputopu imakupatsani maola angapo magetsi akathima.

Mapulogalamu monga Zapier ndi Microsoft Power Automate amabwera pambuyo pake. Ntchito yawo ndi kulumikiza zida, kuti chinthu chikachitika apa, china chichitike apo popanda munthu kudina batani: mzere watsopano ukalowa mu Google Sheets, uthenga wa imelo upite kwa inu. Amafuna intaneti nthawi zonse, ndipo mukadutsa gawo laulere malipiro ake ndi a ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, choncho werengerani bwino musanawazolowere. Odoo, yochokera ku Belgium, imaphatikiza malonda, katundu wa m'nkhokwe ndi ma invoice pamalo amodzi, ndipo mtundu wake wa Community ndi waulere, ngakhale kuti wokuikirani ndi kuisamalira mudzamulipira. Wina akakutchulirani mapulogalamu a Drools kapena Camunda, dziwani kuti zimenezo zimafuna akatswiri olemba mapulogalamu ndipo zimayenera mabungwe aakulu monga mabanki ndi makampani a inshuwalansi, osati chigayo chimodzi.

Yambani ndi ndondomeko imodzi yokha, ya ngongole, popeza ndi imene ikukusowetsani mtendere. Mwezi woyamba kaundula wa pepala apitirire pambali, ndipo Loweruka lililonse muziyerekeza ziwirizi kuti muone pamene lamulo lagamula mosiyana ndi mmene inu mukanachitira. Malo amene muli malamulowo atsekedwe ndi pasiwedi yodziwa inu nokha, kuti kalaliki azilemba malonda koma asamasinthe malire a ngongole, ndipo mukalola munthu kunja kwa lamulo, dzina la wololeza ndi tsiku zilembedwe. Mayina ndi manambala a foni a ogula muwasamale, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act la 2024, limene limayang'aniridwa ndi MACRA. Mumuuzenso kalaliki poyera kuti ntchito yake siikutha, chifukwa akaganiza kuti kompyuta yabwera kudzamulanda mpando adzailembera zolakwika, ndipo iyo idzagamula pa zolakwikazo mosazengereza.